MLIMI WA KU KASISI AKAONE MZINDA UMENE AUDYETSA

Alimi ambiri a ku Kasisi aidziwa Lusaka ya mumdima. Amakwera galimoto ya matimati ndi repu tambala asanalire, nafika pa msika wa Soweto kusanace, nalimbana ndi ogula pa mitengo, ndipo dzuwa likafika pamutu ali kale pa njira yobwerera, ndalama atamanga pa nsonga ya citenje. Mukawafunsa za mzinda adzakuuzani za matope a pa msika ndi za anyamata a mawilibala. Koma funsani ngati anaimapo patsogolo pa cifanizo ca Ufulu, kapena ngati ana ao analowapo m'nyumba ya ku Chilenje imene a Kaunda anakhalamo. Ambiri adzangoseka, nati zimenezo n'za alendo a kunja.

Ife tikana. Bambo Jules Torrend, wansembe wa ciJezuiti, anakhazikitsa misoni ya Kasisi mu 1905, ndipo m'caka comweco omanga njanji yocokera ku Livingstone anaika kasiteshoni pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Motero Kasisi ndi Lusaka ndi a msinkhu umodzi. Wina anakula nasanduka likulu la dziko mu 1935, mnzace anatsala ndi khasu namdyetsa. Pakati pao pali mtunda wa makilomita ngati 30 cabe. Nanga colakwa n'ciani kuti banja lipatule tsiku limodzi pa caka, lopanda dengu pamutu, kukaona mzinda wao?

Ulendo wotere uyambira pa nkhokwe. Nthawi yabwino ndiyo ya June kapena July, cimanga citalowa, ndalama ya mbeu ndi ya sukulu itaikidwa pambali. M'dzinja musayese: m'tauni madzi amasefukira m'miseu, ndipo matenda a m'mimba ndiyo nyengo yao. Pewani Cisanu ca kumapeto kwa mwezi, pamene a pa nchito alandira malipiro ndi magalimoto ayenda ngati nkhono. Ena adzafuna kuphatikiza ulendowu ndi cionetsero cacikuru ca malimidwe ndi malonda, cimene cimatha pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la August. Cionetseroco n'cabwino, koma cimadya tsiku lonse pa cokha. Mukathamangitsa zonse ziwiri mudzabwera ndi miyendo yotupa, osaona kanthu.

Ndalama zigawidwe usiku, pa mphasa, ana atagona. Yobwerera nayo ikhale payokha m'thumba la mkati la amai, ndipo isakhudzidwe ngakhale mwana alire cotani pa sitolo. Ina ikhale ya cakudya, ina ya polowera, pakuti malo ena amalipiritsa pa khomo. Yotsala isungidwe mu foni. Mtengo wa basi ufunsidwe kwa kondakitala phazi lisanakwere, ndi kuwerenga ana omwe.

Nyamukani m'mamawa. Mseu udutsa m'mbali mwa bwalo la ndeke, limene linatsegulidwa mu 1967 ndi kupatsidwa dzina la Kenneth Kaunda mu 2011, nukagwera mu Great East Road. Ana akhale pa zenera, cifukwa kuona kuyambira pomwepo ndipo n'kwaulere. Mutapitirira Chelston ndi Munali mudzaona kumanzere sukulu yaikuru ya University of Zambia, imene inayamba mu 1966. Patsogolo pali nyumba ya misonkhano ya Mulungushi, yomangidwa mwa cangu mu 1970 kuti ilandire atsogoleri a maiko osagwirizana ndi mbali iriyonse, ndiponso Nyumba ya Malamulo pa citunda ca Manda Hill. Acinyamata aliyesa dzinali la masitolo cabe, koma ife a cinenero cino tidziwa tanthauzo la manda, ndipo akuru anena kuti mudzi wa mfumu Lusaaka unali pamenepo.

Mukatsika m'tauni musacedwe mu Cairo Road. Ana akweze maso awerenge nyumba zosanja 23 za Findeco House, m'manja mwao muli dzanja la wamkuru, kenaka tsatani Independence Avenue kuoloka mlatho wa pamwamba pa njanji. Posacedwa mudzafika pa cifanizo ca Ufulu, ca munthu wodula maunyolo ndi manja ace. Cinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka khumi za ufulu, ndipo cikumbutsa a Zanco Mpundu Mutembo a ku Mbala, amene anamwalira mu 2021. Pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale, Lusaka National Museum, yotsegulidwa mu 1996. Agogo adzaseka poona ziwiya za pamudzi zitaikidwa mwaulemu kuti anthu a m'tauni azicita nazo cidwi. Asiyeni aseke, koma adzukulu aone zithunzi za masiku a nkhondo ya ufulu. Amene miyendo yao ikali yolimba angapitirire mseu womwewo kukafika ku Embassy Park, kumene anaikidwa a Mwanawasa mu 2008, a Chiluba mu 2011, a Sata mu 2014, a Kaunda mu 2021 ndi a Rupiah Banda mu 2022.

Pofika apa njala iri pa khomo, ndipo ndi pano pamene ulendo umakoma kapena kuonongeka. Ana adzaloza ku masitolo a magalasi kumene agulitsa nkhuku yokazinga ndi chipisi. Tate wanzeru adzawerenga mitu ya banja lace, nazindikira kuti kumeneko ndalama ya thumba la feteleza itha pa mbale zosakhutitsa. Ife tinena kuti pitani ku Thornpark, kumene kuli malo odyera ochedwa Matebeto. Mauwa ndi a Cibemba: ndilo phwando limene a kucikazi aphikira mkamwini, kumuonetsa ndiwo za mitundu yonse za pa banja pao. Amai a kumeneko atsata mwambo womwewo. Miphika iri poyera, munthu ayenda nasankha ndi maso: nkhuku ya kumudzi, nyama yooca, nsomba zouma, kapenta wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, cibwabwa cotendera, impwa, delele, nyemba, ndi vinkhubala pa nyengo yace. Lawani zimene kwanu simuphika. Cikanda, cophikidwa ndi tizinthu tokumba m'madambo pamodzi ndi nshawa, soda ndi tsabola, cidulidwa ngati nyama ngakhale mulibe nyama. Buka buka wa m'nyanja ya Tanganyika ndi nsomba imene ya mu Ngwerere siifikako. Ndipo musadabwe mukapeza kuti repu ya m'mbale mwanu ndi yomwe munagulitsa pa Soweto dzana, itakwera mtengo kangapo pa njira.

Funsani mtengo wa ndiwo iriyonse musanasambe m'manja. Kucita tero si umphawi ai, a m'tauni omwe amatero. Cina cacikuru ndi ici: idyani cotentha cokha, cocokera pa moto inu mukuona. Sitinaiwale kolera imene inabuka mu October 2023, ndi kuti mu January 2024 bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Madzi akumwa nyamulani kwanu, owiritsa, pamodzi ndi kasopo. Munkoyo wa m'mabotolo a pa mseu ungakhale wokoma, koma simudziwa citsime cace. Ana akadya bwino nsima, agulireni aisikilimu mmodzi mmodzi, mlandu wa chipisi uthere pomwepo.

Madzulo apatseni Chilenje. Pa njira, mu Burma Road, muli Kabwata Cultural Village, nyumba zozungulira za udzu zimene boma la atsamunda linamangira anchito acikuda, ndipo tsopano mukhala osema ziboliboli ndi oluka madengu. Kuona n'kokwanira, kugula kusiyireni a ndalama. Kumene tifuna mufike ndi pa nyumba nambala 394. Muno a Kenneth Kaunda anakhala ndi banja lao kuyambira January 1960 kufikira December 1962, ndipo zambiri za nkhondo ya ufulu zinapanganidwira m'tizipinda timeneti. Panja paima Land Rover ya masiku omwewo. Nyumbayi ndi yaing'ono, yoceperapo kuposa nyumba zina za malata za ku Kasisi lero. Mwana wa mlimi akaima pa khomo lace, naona kucepa kwa malo amene mtsogoleri woyamba wa dziko anacokera, adzabwerera ndi maganizo amene buku la kusukulu silikanampatsa. Mukapereŵera nthawi, siyani zina zonse, koma iyi musaisiye.

Munda Wanga wa ku Chilanga ndi nkhalango ya nyama ya Lusaka National Park, yotsegulidwa mu 2015, ziri kutali ndi njira yanu. Zidikire caka ca mawa.

Pofika 16 koloko mukhale muli pa siteshoni. Anchito akaweruka mabasi adzaza ndipo mseu wa kum'mawa utsekeka, ndiponso galimoto za cigawo cotsiriza colowa ku Kasisi zimasowa kukada. Werengani ana musanakwere, muwawerengenso mutakhala pansi. Ngati m'thumba mwatsala kanthu, gulani buledi ndi shuga za iye amene anatsala kuyang'anira ng'ombe ndi kuthirira dimba.