Tisaphe bemberezi, ndi mlimi mnzathu

Ambirife kuno ku Mulanje tikamva za njuchi timangoganiza za uchi ndi ming'oma. Komatu pa dziko lonse pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri sikhala m'magulu, sipanganso uchi woti n'kufula. Mmodzi mwa njuchi zoterezi ndi bemberezi, uja amaboola nsungwi ndi mitengo youma.

Ine ndimalima nandolo ndi tomato cha ku Chonde, ndipo ntchito yake ndimaiona. Duwa la tomato silitulutsa mungu bwino pokhapokha litagwedezeka. Bemberezi amaligwira n'kulinjenjemeretsa, zomwe njuchi ya uchi sitha. Pa maluwa a nandolo naponso satha phazi.

Nanga ife tikum'bwezera chiyani? Ana amamupha ndi nthambi, mitengo youma yonse yathera ku nkhuni, mankhwala timapopera masana njuchi zili kalikiliki pa maluwa.

Abale anga, izi sizilira ndalama ayi. Siyani chitsa kumpanda, mangirirani nsungwi zouma pamthunzi, poperani madzulo ngati kupoperako kuli kofunikadi. Wamphongo alibe mbola, wamkazi saluma chisawawa. Paja akuluakulu amati bemberezi adziwa nyumba yake. Tikam'gwetsera nyumbayo, nandolo wokagulitsa ku Limbuli achepa, ife tizinamizira mvula.