Laputopu ya Windows ndi Linux ikakana kutsegula, musathamangire kufufuta zonse

Dedza, Mana: Ogwira ntchito m'boma omwe malaputopu awo ali ndi Windows komanso Linux pamodzi akuyenera kudziwa kuti makinawa akakana kutsegula, kawirikawiri mafayilo amakhala ali bwinobwino. Chomwe chimasokonekera ndi kapulogalamu kotchedwa GRUB, komwe kamafunsa munthu mbali yomwe akufuna kulowa.

Kwa mlangizi wa ku Lobi kapena ku Mayani, kukapeza katswiri pa Dedza Boma kumadya tsiku lathunthu, malipoti akudikira. Choyamba n'kuyatsa laputopuyo uku mukudina F12 ngati ndi Dell, kapena F9 pa HP, kenaka kusankha Windows Boot Manager. Ikatsegula, koperani mafayilo onse ofunika pa fulashi musanachite china chilichonse.

Vutoli limakonda kubwera Windows ikangodzikonza kudzera pa intaneti. Mu Ogasiti 2024, zomwe kampani ya Microsoft inatumiza pofuna kukhwimitsa chitetezo zinatsekereza Linux pa makompyuta ambiri otere, ndipo ankaonetsa uthenga wotchula SBAT. Ambiri anathana nalo pozimitsa kaye Secure Boot mu BIOS, kukonza Linux, n'kuyatsanso chitetezocho.

Apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Ngati Windows inatsekedwa ndi BitLocker, kusintha Secure Boot kungachititse kuti ifunse nambala ya manambala 48, ndipo wopanda nambalayo akhoza kulephera kuona mafayilo ake. Laputopu ikakhala ya boma, mkulu woona za makompyuta ku khonsolo adziwitsidwe musanakhudze BIOS.