Liwu limodzi, ntchito zambiri: "right"

Mwana akafunsa kuti "right" n'chiyani, ambirife timayankha msanga kuti "kumanja". Iye amalemba m'kope n'kuloweza. Mawa lake akayankha bwino funso, inu n'kumuuza kuti "You are right", mwanayo amacheukira kumanja.

Liwu la Chingerezili lili ndi ntchito zingapo. Mu "Turn right" likunena mbali: khoterani kumanja. Mu "You are right" likuti wakhoza, wanena zoona. "Children's rights" ndi ufulu wa ana. Pa masamu, "right angle" ndi ngodya ya madigiri 90, monga ya tsamba la buku. Mu "right now" likungotsindika: pompano, osati nthawi ina.

Chipwitikizi chimathandizako. "Direita" ndi kumanja, "direito" ndi ufulu, ndipo ana amaona okha kuti mawu awiriwa ndi apachibale. Koma pouza munthu kuti wakhoza, Chipwitikizi chimati "certo" kapena "tens razão". Apa ndi pamene kumasulira liwu ndi liwu kumasocheretsa.

Aphunzitsi, yambirani pa zimene ana akudziwa kale. Afunseni za "kumva": kumva belu, kumva njala, kumva phunziro, mwana wosamva. Mneni ndi mmodzi, koma palibe amasokonezeka, chifukwa mawu oyandikana naye ndiwo amaulula tanthauzo. Chingerezinso n'chimodzimodzi.

Choncho musalembe "right" palokha pa bolodi. Lembani zitsanzo 5 zija, ndipo ana m'magulu apeze tanthauzo la chilichonse m'Chinyanja. Pomaliza onjezani "write": limamveka mofanana, koma ilo likunena za kulemba.