Kucheza ndi khanda si kutaya nthawi: m'mene nzeru ndi khalidwe la mwana zimaumbikira

Mwana akamabwereza kalasi, akamakonda ndewu kapena akamangodzipatula pakati pa anzake, chigamulo m'makwalala a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo sichichedwa: anabadwa choncho, watengera kuchimuna. Mawu otere amatonthoza mtima chifukwa sasiya mlandu pa wina aliyense, koma amafooketsanso manja, pakuti chimene munthu anabadwa nacho palibe amene amalimbana nacho. Kafukufuku wa akatswiri a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu akuloza kwina. Akusonyeza kuti gawo lalikulu la m'mene mwana adzaphunzirire ndi m'mene adzakhalire ndi anthu limaumbika asanaponde n'komwe Sitandade 1, ndipo chida chake chachikulu sichigulidwa m'sitolo. Chidacho ndi munthu wamkulu amene amayankhula ndi mwanayo, kusewera naye ndi kumuyankha akaitana.

Umboni wamphamvu wa zimenezi unachokera mumzinda wa Kingston ku Jamaica, m'madera a anthu osauka osasiyana kwenikweni ndi Mgona. M'zaka za 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anasonkhanitsa ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24, n'kuwagawa mwamaere m'magulu anayi. Gulu lina linkalandira mkaka wowonjezera, lina linkayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo kwa ola limodzi sabata iliyonse, lachitatu linkalandira zonse ziwiri, ndipo lomaliza linkangolandira chithandizo cha kuchipatala chimene onse ankapeza. Mlangiziyo ankaonetsa mayi kaseweredwe ndi mwana pogwiritsa ntchito zidole zopangira pakhomo, kumutchulira mayina a zinthu ndi kumuyamikira akachita bwino. Ntchitoyo inatha patapita zaka ziwiri, koma ofufuzawo anapitiriza kuwatsatira anawo. Atafika zaka 22, amene ankaseweredwa nawo aja ankakhoza bwino mayeso a nzeru, sankapezeka kawirikawiri m'ndewu zoopsa, ndipo zizindikiro za matenda ovutika maganizo zinali zochepa pakati pawo. Lipoti la 2014 m'magazini ya Science linapeza kuti ndalama zimene ankapeza pantchito zinkaposa za anzawo ndi 25 peresenti. Phindu la mkaka uja, ngakhale linaoneka poyamba, linazimiririka anawo akukula.

Chifukwa chake chili mu kakulidwe ka ubongo. M'zaka zoyambirira za moyo, timitsempha ta mu ubongo timalumikizana mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo malumikizidwe amene akugwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza amalimba pamene osagwiritsidwa ntchito amafota. Khanda likatulutsa kamawu mayi n'kuliyankha, likaloza nkhuku agogo n'kulitchulira dzina lake, limaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: chiyankhulo, komanso kuti anthu ndi odalirika. Phunziro lachiwirili ndilo phata la kudziletsa. Mu kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2013, Celeste Kidd wa ku yunivesite ya Rochester ku America anayesa ana 28 powapatsa switi n'kuwauza kuti akadikira osadya alandira ina. Ana amene wofufuzayo anali atawakwaniritsira lonjezo lina poyamba anadikira pafupifupi mphindi 12, pamene amene anali atawanamiza anadikira mphindi zitatu zokha. Mwana amene timamunena kuti ndi wosaugwira mtima nthawi zina amakhala atangophunzira kuti malonjezo a akuluakulu sakwaniritsidwa.

Ena anganene kuti chibadwa sichinama, popeza ana a mimba imodzi, oleredwa m'nyumba imodzi, amasiyana mtima. Akunena zoona. Kafukufuku wa ana amapasa m'mayiko ambiri amasonyeza kuti zotengera kwa makolo zili ndi gawo lalikulu ndithu pa kusiyana kwa anthu, ndipo palibe kaleredwe kamene kangasandutse mwana wofatsa kukhala wolongolola. Koma ana a ku Kingston anagawidwa mwamaere, choncho kusiyana kumene kunaoneka patapita zaka 20 sikungakhale kwa magazi. Chibadwa chimapereka poyambira, ndipo kutalika kwa ulendo kumadalira zimene mwanayo wakumana nazo. Ena amaopa kuti kusewera ndi mwana n'kumusasatitsa, ndipo amati chikwapu ndicho chimawongola. Mu 2016, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaunika pamodzi kafukufuku wokhudza ana oposa 160,000, ndipo sanapeze umboni woti kukwapula kumakonza khalidwe. M'malo mwake kunkayendera limodzi ndi ndewu ndi kusamvera. Nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa kafukufuku wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu ndi atsikana awiri mwa asanu m'Malawi anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa asanakwane zaka 18.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi la umphawi. Mayi amene amalawirira kukapikula tomato kuti akagulitse mumsika wa ku Area 23, kapena bambo woyenda pansi kuchoka ku Area 25 kukasaka ganyu ku Kanengo, angafunse kuti nthawi yosewera aipeza kuti pamene ufa wa madzulo sunapezeke. Funsoli ndi loyenera ulemu, makamaka m'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Chakudya n'chofunika ndipo palibe masewera amene angalowe m'malo mwa phala. Komabe ana a ku Jamaica aja anali osauka ndi opinimbira omwe, ndipo ndi iwowo amene anapindula. Chimene chikufunika si ola lapadera lopatulidwa, koma kusintha nthawi imene ilipo kale. Mwana ali kumbuyo pa mpopi wa madzi atha kuuzidwa zimene zikuchitika. Ali pabenchi la malonda atha kuwerenga nawo anyezi. Akusambitsidwa atha kutchuliridwa ziwalo za thupi lake. Ndiponso udindowu si wa mayi yekha, pakuti bambo, agogo ndi achemwali ake a mwanayo onse ali ndi pakamwa.

Palinso oti izi ndi nzeru za azungu zosayenerana ndi kwathu. Kukayikira kotere kuli ndi maziko, ndipo amene anakutsimikizira bwino ndi Robert Serpell wa ku yunivesite ya Zambia, amene anafufuzanso pakati pa Achewa a ku Katete. Mu 1979 iye anafalitsa zotsatira za kuyerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England pa ntchito yotsanzira zithunzi. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku England anapambana. Popinda mawaya, ana a ku Zambia anawaposa. Poumba, magulu awiriwo anafanana. Mayeso amaonetsa zimene mwana wazolowera kuchita, osati malire a nzeru zake. Phunziro lake kwa ife ndi lolimbikitsa: galimoto ya mawaya, mpira wachikulunga, phada, masanje, nthano ndi zilapi ndi sukulu yeniyeni ya kuganiza, kudikira nthawi yako ndi kugwirizana ndi anzako.

Kuno kwathu nkhaniyi inayesedwanso. Berk Özler wa ku World Bank ndi anzake anachita kafukufuku m'sukulu za mkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Kumene alezi anaphunzitsidwa ndipo makolo nawonso anapatsidwa maphunziro a kaleredwe, ana anapita patsogolo pa chiyankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anzawo patatha miyezi 18. Kumene alezi okha ndiwo anaphunzitsidwa, phindu lotere pa ana silinaoneke. Koma pofika miyezi 36, kusiyana kuja kunali kutatha. Wina angati ndiye kuti ntchitoyo inapita pachabe, koma tanthauzo lomveka bwino ndi lakuti kholo ndilo nsanamira, ndipo thandizo la kanthawi kochepa silikwanira ngati palibe cholipitiriza kunyumba ndi ku pulayimale.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo sayansi yagwirizana nawo. Sikelo ya ku Kawale, Area 25 ndi Bwaila imakumana kale ndi amayi ndi makanda mwezi uliwonse. Unduna wa Zaumoyo ndi unduna woona za ana apatse alangizi nthawi ndi maphunziro oti, akatha kuyeza thupi, azionetsanso makolo kachezedwe ndi kaseweredwe ndi mwana. Mipingo, mizikiti ndi mabanki a m'mudzi atengepo gawo. Ndipo inu kholo, musadikire kuti mwana ayambe kuyankhula kuti muziyankhula naye. Muyankheni akaitana, musungireni lonjezo, ndipo musamutchule wopusa.