Musamsiye Yekha Wodwala Amene Wabwezedwa Kumudzi

Inu a ku Mayani ndi midzi yozungulira, mukuidziwa nyumba ija imene chitseko chake chikhala chotseka usana wonse. M'katimo mwagona munthu amene madokotala a ku Dedza kapena ku Nkhoma anamuuza kuti nthenda yake, monga khansa, siingachizikenso. Masiku oyamba anthu anali kubwera kudzazonda. Tsopano watsala mkazi wake yekha, ndipo pamene anzake ali kupalira, munda wake walowa thengo. Chotero nthenda ya munthu mmodzi ibala njala ya banja lonse.

Kodi inu simungapereke masiku awiri pa sabata kuthandiza nyumba yotere?

Ntchito imeneyi ndi yodziwika. M'chaka cha 1967 mayi Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice ku London, nyumba yosamalira odwala osachiritsika. Kuno kwathu namwino Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo ku Salima mu 2007, ndipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kunayambika Tiyanjane. Onsewa aphunzitsa chinthu chimodzi: ngakhale nthenda ikanike, ululu ungathe kuchepetsedwa. Koma namwino sangafike m'mudzi uliwonse. Pafunika anthu odzipereka a m'mudzi momwemo.

Ntchito yake ndi ya manja. Munthu wogona mbali imodzi nthawi yaitali atuluka zilonda m'chiuno ndi m'zidendene, pakuti magazi sayenda bwino pamene fupa litsamira pa mphasa. Tsono mumtembenuze pakapita maola awiri alionse, ndi kuona kuti nsalu zake n'zouma. Mumsambitse ndi madzi ofunda, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene chisanu cha kuno ku mapiri chiluma. Mumtsuke m'kamwa. Phala likhale lamadzimadzi, pang'onopang'ono, akakana musamkakamize.

Za mankhwala tamverani bwino. Pa ululu waukulu a chipatala amapereka morphine wakumwa, amene kawirikawiri amwedwa pakapita maola anayi alionse, osadikira kuti wodwala ayambe kubuula. Ena aopa kuti mankhwalawa amapha. Iai, akamwedwa monga mwa muyeso wa dokotala amagonetsa ululu, munthu nayamba kudya ndi kucheza ndi ana ake. Amamanga m'mimba, choncho wodwala akaleka kupita kuchimbudzi kauzeni namwino. Inu musasinthe muyeso, ndipo botolo likhale kutali ndi ana.

Chovuta koposa ndicho kukhala chete. Wodwala angafune kunena za mantha ake, za munda, za amene adzalera ana. Ife Achewa tifulumira kunena kuti "musatero, muchira", ndipo munthu atsala ndi mawu ake m'khosi. Mlekeni anene. Zimene mwamva m'nyumbamo musapite nazo kuchitsime kapena kumowa. Ndipo abale akayamba kulozana zala za ufiti, inu musaikepo mlomo.

Tisakunamizeni: malipiro palibe, ndipo ena amene mudzawasamala mudzawaperekeza kumanda. Wa mtima wofuna ndalama asayambe n'komwe.

Ngati mwatsimikiza, uzani a mfumu ndi akulu a mpingo kapena mzikiti wanu, kenaka pitani kwa mlangizi wa zaumoyo kapena namwino wa pa chipatala cha Mayani, mukafunse za maphunziro osamalira odwala kunyumba. Pokazonda koyamba tengani mtolo wa nkhuni, ndipo khasu musaliiwale.