Kalavani Imawonongeka Itaima

Ntchito yanga ndi kukonza ngolo zokokedwa ndi galimoto, ndipo pa ngolo zonse, imene imandidyera nthawi kwambiri ndi kalavani, kanyumba ka matayala kaja mumakaona kakukokedwa kulowera ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Chitimba. Makalavani ambiri amene timawaona kuno amachokera ku South Africa, a Jurgens, Sprite ndi ena otero. Ena amabwera ndi alendo n'kubwerera nawo, koma ena amagulidwa ndi anzathu konkuno: wina kuti azigonamo akapita kunyanja, wina azibwereketsa, wina aisandutse ofesi pamalo pamene akumanga nyumba. Ogulitsa amakonda kunena kuti, "Bwana, iyi sinayendeyende, yangokhala pakhomo zaka zinayi." Wogula akamva zimenezi mtima umakhala m'malo. Ine ndikamva ndimada nkhawa, chifukwa kalavani imawonongeka kwambiri itaima kusiyana ndi ikamayenda.

Mdani wake wamkulu ndi madzi, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka khoma. Kunja kuli lata lopyapyala la aluminiyamu kapena faibala. M'kati muli pulayiwudi amene mumamuona mukalowa. Pakati pa ziwirizi pali timatabwa ting'onoting'ono togwira thupi lonse, ndi kathovu koyera kotchinga kutentha. Paliponse pamene anaboola khomali kuti aikepo zenera, chitseko, nyali kapena kazenera ka padenga, anatsekapo ndi phala lomatira. Phalali silikhala mpaka kalekale. Dzuwa la mu Okutobala limaliumitsa, mabampu a mumsewu amaling'amba, ndiye mvula ikayamba imapeza polowera. Choipa n'chakuti madziwo sadonthera pabedi kuti muwaone. Amatsetsereka m'kati mwa khoma, kutsatira timatabwa tija mpaka pansi, n'kumaoletsa pang'onopang'ono. Mukadzaona banga pakhoma, dziwani kuti m'katimo munaola kale.

N'chifukwa chake poyeza kalavani ndimayamba ndi mphuno. Ndimatsegula chitseko n'kuima kaye. Fungo la chinyezi silibisika, ndipo ndikapeza mwapoperedwa zonunkhiritsa zambiri ndimafunsa chifukwa chake. Kenako ndimakanikiza ndi chala chachikulu m'makona onse anayi, pansi pa mazenera, m'kati mwa makabati a m'mwamba ndi kunsi kwa bedi. Khoma labwino limakana chala. Loola limalowa, lofewa ngati mbatata yophika. Ndimapondanso mwamphamvu pakhomo penipeni, pamene aliyense amaponda polowa, chifukwa pansi pamayambira kufooka pamenepo. Ndikakayikabe ndimamasula sikuluwu imodzi ya pazenera. Ikatuluka ndi dzimbiri kunsonga, nkhani yatha, madzi analowa. Pali kachipangizo koyezera chinyezi m'matabwa, ndipo mwini kalavani aliyense ayenera kukhala nako. Kakaonetsa pansi pa 15 peresenti zinthu zili bwino. Pakati pa 15 ndi 20 mudzayezenso pakapita miyezi itatu. Kakapitirira 20 madzi akulowa penapake, ndipo kakafika 30 matabwa ayamba kale kuwonongeka.

Pano ndikupempheni ndithu: musamatseke ming'alu ndi silikoni wa kubafa. Tsiku loyamba amaoneka bwino, koma thupi la kalavani limapindikapindika poyenda, silikoniyo n'kumatuka m'mbali, madzi n'kulowa kunsi kwake n'kusowa potulukira. Komanso pamene panapakidwa silikoni phala lina silimatapo mpaka mutapala yense. Ntchito yolongosoka ndi kuchotsa zenera lonse, kupala phala lakale, kupukuta bwinobwino, kuika tepi ya butyl kapena phala la polyurethane monga Sikaflex, n'kubwezeretsa zeneralo. Tsiku lonse limatha, koma kuchotsa khoma loola kumatha masabata ndipo nthawi zina ndalama zake zimafanana ndi mtengo wa kalavani yeniyeniyo.

Kunsi kuli nkhani zake. Matayala a kalavani kawirikawiri samatha mizere, amangokalamba. Labala amauma ndi dzuwa, amachita timing'alu m'mbali ndi pakati pa mizere, ndipo tayala loima malo amodzi chaka chonse litasenza katundu limafooka pamene lagunda pansipo. Yang'anani m'mbali mwa tayala pamene palembedwa DOT. Manambala anayi omaliza ndiwo tsiku lobadwa la tayalalo: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Ndimalangiza kusintha likakwanitsa zaka zisanu, ndipo loposa zaka 7 lisayendenso, kaya mizere yake ikuoneka yatsopano. Tayala la kalavani likaphulika silivutika lokha. Limaswa bokosi la gudumu, n'kudula mawaya ndi mapaipi a madzi odutsa pamenepo.

Mabering'i ndiwo amagonetsa anthu m'misewu. Ndikachotsa kachivindikiro ka pakati pa habu ndimayang'ana kaye girisi. Wabwino amakhala wofewa, wa mtundu umodzi. Akaoneka woyererako, mwalowa madzi. Akada n'kumanunkha kupsa, watenthedwa. Akamanyezimira tizitsulo, bering'i yayamba kudzidya. Ndimazula kapini, kumasula nati, kutulutsa mabering'i onse awiri n'kuwatsuka m'palafini. Pa kalavani imene yaima nthawi yaitali mumapeza timizere ta dzimbiri motalikirana mofanana, pamene tizitsulo tozungulira tija tinatsamira malo amodzi miyezi yambiri. Bering'i yotere ndimataya. Ikakhala yabwino ndimaika girisi m'chikhatho n'kumaikanikiza pamenepo mpaka girisiyo atatulukira mbali inayo, osati kungopaka pamwamba. Pomanga nati m'pamene ambiri amalakwitsa. Mumamanga uku mukuzunguza gudumu mpaka itagwira, kenako n'kubweza pang'ono kuti gudumu lizungulire momasuka popanda kugwedera, n'kuika pini watsopano. Nati yothina kwambiri imawotcha bering'i msanga. Ntchitoyi ichitike chaka chilichonse kapena pa makilomita 10,000 alionse. Ma ekiselo ena atsopano, monga ena a AL-KO, ali ndi bering'i yotsekeratu imene sitsegulidwa. Ikayamba kulira imasinthidwa yonse pamodzi ndi nati yake. Amene mukukatenga kalavani ku Johannesburg, kumbukirani kuti kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,700. Tsegulitsani mahabu musananyamuke, ndipo paliponse mwaima gwirani habu ndi dzanja. Kufunda n'kwabwino, koma ikamawotcha dzanja musapitirire.

Ku South Africa ndi ku Britain, ngolo yolemera kuposa makilogalamu 750 itasenza imayenera kukhala ndi mabuleki akeake. Mabuleki a makalavani ambiri ochokera kumeneko alibe magetsi kapena mafuta. Galimoto ikachepetsa liwiro, kalavani imakankha kutsogolo, chitsulo cholumikizira chimalowa m'kati, n'kukoka ndodo ndi mawaya opita ku magudumu. Ndi nzeru yosavuta, koma chitsulo cholowa ndi kutuluka chija chikauma chifukwa chosowa girisi, kapena mawaya akagwira dzimbiri, galimoto imatsala yokha kuimitsa katundu yense. Potsika Khwekhwerere kapena Chiweta, kalavani imakankha njira yonse, ndiye mabuleki ake amagwira mosalekeza mpaka kutentha. Tsikani ndi giya yaing'ono, ndipo pakapezeka malo abwino imani kuti azizire. Kawaya kakang'ono kamene mumakakoleka kugalimoto si kokongoletsa. Kalavani ikaduka, ndiko kamakoka mabuleki kuti iime.

Mpira wachitsulo wokokera nawonso muuyeze. Wa kuno, ku South Africa ndi ku Ulaya ndi wa mamilimita 50. Ku America kuli wina wa mamilimita 50.8 ndi wina wa 47.6, ndipo ndi maso simungaisiyanitse. Cholumikizira cha 50 pa mpira wa 47.6 chimatha kudumpha pabampu. Polongedza, zolemera zikhale pansi, pafupi ndi ekiselo. Pa mpira pazitsamira pafupifupi 7 mpaka 10 peresenti ya kulemera konse, osapitirira mlingo umene opanga galimoto analemba. Sikelo ya kubafa ndi kathabwa zimakwanira kuyezera zimenezi. Mukaunjika katundu kumbuyo, kalavani imayamba kugwedezeka uku ndi uku, makamaka basi yaikulu ikakudutsani. Zikatero musaponde buleki mwamphamvu. Chotsani phazi pamoto, gwirani chiwongolero chilunjike, liwiro litsike lokha.

Pa gasi sindinyengerera. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akamatuluka amadikha pansi. N'chifukwa chake pansi pa kabati ya silinda ndi kunsi kwa chitofu anasiya timabowo. Anthu amatitseka poopa fumbi ndi makoswe; ikani sefa wa waya, koma musatseke. Paipi ya labala isinthidwe pa zaka zisanu. Polumikiza paliponse pakani madzi a sopo muone ngati pakutuluka thovu, osayesa ndi machesi. Lawi labwino ndi labuluu. Likakhala lachikasu ndi lamwaye, gasi sakupsa bwino ndipo akutulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo. Mu Juni ndi Julayi kukazizira, mbaula isalowe m'kalavani ngakhale pang'ono. Chipinda chake n'chaching'ono ndipo mazenera ake amatseka kwambiri, moti munthu amangogona osadzukanso.

Ambiri akagula kalavani amafuna kuyamba ndi makatani, TV ndi utoto. Sindiletsa, koma ndalama yoyamba ipite ku denga, matayala, mabering'i, mabuleki ndi gasi. Zikatha izi, chowonjezera chimene chimabweza ndalama msanga ndi mababu a LED, chifukwa amadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi akale. Chachiwiri ndi sola padenga ndi kachipangizo kake kolamulira kachajidwe, bola mabowo a mawaya atsekedwe ndi phala loyenera lija. Batire la asidi likadzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, ndipo likatsika kufika 12.2 latha theka. Kulipitiriza pamenepo kawirikawiri n'kulifupikitsa moyo. Batire la lithiamu la LiFePO4 limalemera pafupifupi theka la la asidi ndipo mungagwiritse ntchito mphamvu yake yambiri osaliwononga, koma limafuna tchaja yogwirizana nalo. Musangolilumikiza pa mawaya akale. Masoketi a ku South Africa ndi a mano ozungulira pamene athu ndi a makona. M'malo mounjika ma adaputala amene amatentha, itanani wodziwa zamagetsi asinthe masoketiwo, ayesenso swichi yozimitsa magetsi akamathawira ku thupi la kalavani. Firiji yakale yoyendera gasi, batire ndi magetsi musaitaye msanga. Nthawi zambiri imakana kuzizira chifukwa kalavani yaima mopendekera, kapena mavu amanga dothi m'chumuni chake.

Tsopano kusunga. Malo abwino ndi pansi pa denga pamene mphepo ikudutsa, pa simenti kapena pa miyala. Pa udzu chinyezi chimakwera n'kudya zitsulo za kunsi, ndipo chiswe chimapeza njira kudzera pa matayala ndi miyendo. Pansi pa mtengo wa mango pali mthunzi, koma masamba amatseka ngalande za padenga, nyerere n'kutsikira m'nthambi zogunda denga. Ngati muphimba, lona asakulunge mpaka pansi, chifukwa pulasitiki yothina imasunga thukuta m'kati. Buleki ya pamanja musaikoke miyezi yonseyo, imakakamira. Tsekerezani magudumu ndi matabwa kapena njerwa. Miyendo inayi ya m'makona ndi yoletsa kugwedera, si jeke, ndipo mukanyamulira kalavani pamenepo mupinda pansi pake. Matayala muwapope mokwanira n'kuwaphimba kudzuwa. Thanki ya madzi ikhuthulidwe, mipopi isiyidwe yotsegula, ndipo podzayambanso kugwiritsa ntchito muitsuke ndi madzi othira Jik pang'ono n'kutsukuluza mpaka fungo litatha. Tsekani silinda, chotsani batire mukalisunge pozizira n'kumalichaja mwezi uliwonse. Chakudya chonse chituluke, ngakhale sopo, chifukwa makoswe amadya sopo asanayambe mawaya. Firiji ndi makabati zikhale zotsegula pang'ono, matiresi aimitsidwe. Nsalu ya tenti kapena ya denga lokwezeka isapindidwe yonyowa, chifukwa masiku ochepa okha imachita nkhungu yakuda imene sichoka, makamaka ku Thyolo ndi ku Mulanje nthawi ya chiperoni.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa phazi lanu. Kamodzi pamwezi pitani mukatsegule chitseko ndi mazenera, mununkhize, mukanikize m'makona, muyang'ane kunsi ngati chiswe chamanga njira. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu ikokeni makilomita ochepa kuti girisi ayende m'mabering'i, mabuleki agwire, matayala asinthe pogunda. Ndipo mvula yoyamba isanagwe, tengani makwerero mukwere muone phala la padenga ndi maso anu.