Nkhanza Zosatuluka Pakhomo: Nyumba Zopanda Ankhoswe

Pa mwambo wathu, mwamuna akamenya mkazi wake nkhani imapita kwa ankhoswe, ikakanika imafika kwa amfumu kapena ku mpingo. Koma m'nyumba zalendi za ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa muli ena amene alibe njira yotere. Awa ndi amuna kapena akazi okhaokha amene akukhalira limodzi ngati banja. Eni nyumba amawayesa abale kapena anzake ogawana lendi, ndipo wina akavulazidwa palibe nkhoswe yoti imve madandaulo ake.

Chimene chiwatseka pakamwa ndi mantha. Gawo 153 la malamulo a milandu, amene tinalandira kwa Atsamunda, lipereka chilango cha zaka 14 m'ndende, ndipo gawo 137A likhudza akazi. Anthu a mu Blantyre akumbukirabe Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ku Chirimba mu December 2009, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 14 mu May 2010, kufikira Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu June 2024 bwalo lomasulira malamulo aakulu linakana kuchotsa gawo 153. Motero wankhanza apeza chida m'manja: angonena kuti akaulula kuntchito, kwa makolo kapena kupolisi, mnzakeyo nkukhala chete.

Komabe tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kumenya munthu ndi mlandu, mosayang'ana kuti womenyedwayo ndani. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino litsimikiza kuti anthu onse atetezedwe mofanana. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, la chaka cha 2006, silinena za mwamuna ndi mkazi wake okha ayi. Likhudzanso achibale okhala nyumba imodzi ndi anthu odalirana pa chuma. Lipatsanso bwalo la milandu mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira mnzake.

Nkhanza sizikhala mabala okha. Kulanda malipiro pakutha pa mwezi, kufufuza lamya ya mnzako, kumletsa kuona abale ake, kumkakamiza kugonana, ndi kumuopseza kuti umuyalutsa, zonsezi ndi nkhanza. Kawirikawiri zimayamba pang'onopang'ono, zimatsatidwa ndi kupepesa, kenaka zimabwereranso mwamphamvu.

Apa ndi pamene aphunzitsi ndi antchito a Boma ali ndi udindo. Mukaona mnzanu wa pantchito akujomba popanda chifukwa chomveka, akubisa zipsera, kapena akubwereka ndalama tsiku lolandira lomwe, mufunseni pambali ndi mwaulemu. Musamkakamize kutchula amene wampweteka, ndipo zimene wakuuzani zisafike ku mjigo kapena mu minibasi. Wovulala athamangire kuchipatala, monga cha Queen Elizabeth, kumene kulinso malo a Chikwanekwane othandiza ochitiridwa nkhanza. Ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo bungwe la CEDEP lakhala likuthandiza anthu otere kwa zaka zambiri.

Namwino, kalaliki kapena wapolisi amene aseka wodandaula ndi kumbweza, amtumiza m'manja mwa womzunza. Za kusintha kapena kusunga magawo aja ndi nkhani ya aphungu ku Nyumba ya Malamulo. Koma kutsuka bala, kulemba dandaulo ndi kusunga chinsinsi ndi ntchito imene Boma lapereka kale kwa antchito ake, ndipo iyenera kugwiridwa kwa munthu aliyense wofika pakhomo la ofesi.